Galimoto Yoyenda Mwachinunu

Lachisanu lililonse ikakwana folo koloko, a Alufandika ankasamba m'manja, kuvala magalasi awo omanga ndi waya, n'kukakhala kumpando wakumbuyo kwa galimoto ya Bwana Odendaal atagwira kope lofiira. Ntchito yawo yeniyeni panyumba ya ku Benoni ija idali yosamalira maluwa. Koma poti kale adali kalaliki ku mgodi, ndipo manja a bwanayo adali atayamba kunjenjemera, kope la mafuta lidagwera iwo.

Galimotoyo idali yachilendo mu Joni monse. Mwana wa bwanayo, amene ankagwira ntchito ku Japan, adaitumiza pa sitima kudzera ku Durban kumayambiriro kwa 1999. Inkayendera zinthu ziwiri, petulo ndi batire. Ikamathamanga injini inkalira ngati ya galimoto ina iliyonse, koma ikamayenda pang'onopang'ono injiniyo inkangozima yokha, galimoto n'kumapita mwachinunu ngati mphaka. Zolemba za kutsogolo zidali za Chijapani, moti ngakhale mwini wake ankangodina mabatani mwa chikhulupiriro. Chomwe ankanyadira n'chakuti siinkadya mafuta. Anthu ena akakalamba amaweta nkhunda, Bwana Odendaal ankaweta manambala.

Mwambo wake sunkasintha. Woyendetsa adali Sydney, mwana wa mlongo wawo wa a Alufandika, bambo wa zaka makumi atatu amene iwo eni adamuitanitsa kuchokera ku Balaka n'kumupezera ntchitoyi. Ankaima pa pampu yomweyomweyo, n'kudzazitsa thanki mpaka pakamwa. A Alufandika ankasuzumira kutsogolo, kulemba makilomita, kulemba malita, kenako n'kugawa. Sabata ndi sabata zinkatuluka zofanana: makilomita 200, malita 10, ndiye kuti lita imodzi ikuyenda makilomita 20.

Koma Lachisanu limenelo mtima wawo sudali pa kope. Udali ku Ramaphosa, ku zisakasa za malata kufupi ndi Reiger Park, komwe mnzawo Hamidu adafera Lamulungu lapitalo. Hamidu ankagulitsa malata akale, ndipo tsiku limenelo masana adapezeka ali gone pakati pa kanjira, lata lomwe adasenza litamucheka pakhosi, mwendo utathyoka kumbuyo kwa bondo. Lidali tsiku la mphepo ya Ogasiti, fumbi lachikasu la m'migodi litatsekera aliyense m'nyumba. Palibe adaona kanthu. Choopsa n'chakuti palibenso adamva galimoto, pomwe zisakasa zimenezo n'zoti mnansi akatsokomola umayankha ndiwe.

Munthu wogundidwa popanda chomugunda, anthu sadavutike kupeza dzina la imfa yotere. Adakumbukira kuti mmawa wa tsikulo Hamidu adakangana ndi mkazi wake Zaituni, ndipo pofika Lachitatu mawu akuti ufiti adali pakamwa pa aliyense. Akomiti ya m'deralo adampatsa Zaituni mpaka Lamulungu masana kuti achoke. Akapanda kutero, adati, chisakasa chidzayaka iye ali momwemo.

“Madala, bhala!” adakuwa Bwana Odendaal m'Chifanakalo, chilankhulo cha ku mgodi chomwe awiriwa ankamvanirana, kuwauza kuti alembe n'kufunsa kuti malita ndi angati. “Mangaki?”

A Alufandika adadzidzimuka n'kulemba. Makilomita 290. Malita 8. Adagawa, kufufuta, n'kugawanso.

“Makilomita 36 pa lita imodzi, bwana.”

Mkuluyo adamenya m'manja ngati mwana, n'kuyamba kunena zoti akalembera mwana wake kalata. Maso ake adali ofooka, ndipo chimene ankafuna kumva ndi nambala yomaliza basi. Koma a Alufandika ankadziwa maulendo onse a sabata imeneyo, kuchipatala, kusitolo, kwa anzake a bwana osewera nawo mpira wogubuduza. Panalibe ulendo wa makilomita 90 owonjezera. Ndipo galimoto siyenda mtunda wautali n'kudya zochepa, ngakhale ichokere ku Japan.

Potuluka pa pampu paja injini idazima yokha monga mwa masiku onse, galimoto n'kumatsetsereka popanda phokoso. Miyezi yonseyi a Alufandika ankangoseka nazo zimenezi. Tsiku limenelo tsitsi lidawaima, ndipo adachita mantha osadziwa chomwe akuopa. Atakweza maso adapeza Sydney akuwayang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo.

* * *

Loweruka mmawa adakwera takisi ya ku Ramaphosa. Woyamba kumupeza adali Mokoena, wapampando wa komiti, munthu wamkulu thupi amene ankayankhula ngati nthawi zonse ali pa msonkhano.

“Lalela, madala,” adatero Mokoena, kuwauza m'Chizulu kuti amvetsere. “Ine sindida anthu a ku Malawi, neh? Ana anga adakula ndi nsomba zanu zouma. Mara munthu wafa pakhomo pathu, ndipo chomwe chidamupha chilibe mawu, chilibe utsi. Apolisi adabwera, adayeza, akuti tidikire. Tidikire chidzatengenso mwana wa yani? Mayiyo angopita. Tamupatsa masiku, sitidamukhudze.”

“Nanga akapezeka wosalakwa?”

“Ndibweretsereni galimoto yopanda mawu, ndikapepesa nditagwada.” Adaseka, koma anyamata omwe adali kumbuyo kwake sadaseke.

Chitseko cha Zaituni chidali chotseka, ndipo wina adali atachipaka mtanda wa phula. A Alufandika adaodira n'kukhala pa chidebe panja. Mayiyo adayankhira mkati.

“Mayi, tiyeni ku Benoni mukabisale kaye masiku awiri okha.”

“Abambo, ndili pa eda,” adayankha ndi mawu otsika. “Mwamuna akamwalira, ife Asilamu timakhala m'nyumba yomwe watisiyamo miyezi inayi ndi masiku khumi. Ndatha masiku asanu ndi limodzi. Ndithawe ndipite kuti, anthu adzati chiyani? Adzati onani mfiti yathawa, sidamulire n'komwe mwamuna wake.”

“Mudakangana chiyani tsiku lija?”

“Mphepo. Ndidati musatuluke ndi lata mphepo ili chonchi. Sadamve. Ndiye ndidakuwa kuti pitani, mukafere komweko. Mawu amenewo anthu adawamva. Inenso ndimawamva, abambo, tsiku lililonse.”

A Alufandika adamva chisoni. Ankamudziwa Hamidu kuyambira ali anyamata, ndipo ankadziwa kayendedwe kake. Akasenza lata sankatha kucheuka, choncho ankayenda pakati penipeni pa njira, n'kumapatuka pokhapokha akamva injini kumbuyo. Zaka zisanu ndi chimodzi pa ntchito imeneyi makutu ake adali asadamunamizepo.

Mboni yomaliza idali a Wallace, nkhalamba ya ku Mulanje imene idasiya maso onse awiri mu mgodi. Ankaluka mabasiketi a waya pakhonde lawo, mphepo kaya dzuwa, ndipo ankadziwa galimoto iliyonse ya m'deralo ndi kulira kwake. Mawu awo ndi amene adamupachikitsa mlandu Zaituni, chifukwa a Wallace akati sipadadutse galimoto, ndiye kuti sipadadutse galimoto.

“Ndidanena zoona,” adatero osasiya kuluka. “Injini panalibe. Adandifunsa za injini, ndidayankha za injini.”

“Nanga zina zimene sadakufunseni?”

Zala za nkhalambayo zidaima.

“Inu ndinu woyamba. Miyala idalira, achimwene. Idaphwanyika pansi pa chinthu cholemera, cha miyendo inayi, chikuyenda pang'onopang'ono. Pamwamba pake kamawu kakang'ono, nswii, ngati udzudzu uli m'khutu. Kenako lata lidagwa. Kenako chitseko chidatseguka.”

“Chitseko cha nyumba?”

“Cha nyumba kuno chimalira ngati chitini. Ichi chidangoti phu, chofewa, cha anthu olemera. Munthu adatsika, adayenda mapazi atatu, n'kunena mawu amodzi.”

“Adati chiyani?”

“Adati, ‘Mayo ine.’ Ndiye ndidangotseka pakamwa. Ndikadanena kuti mzukwawo ukuyankhula Chichewa, bwenzi tonse a kwathu atatiwotcha tsiku lomwelo.”

* * *

Pobwerera sadapite kunyumba. Adatsikira pa pampu paja kuti aonane ndi Douglas, wothira mafuta wa ku Nkhata Bay amene pantchito ankadzitcha Sipho, ngakhale Chizulu chake chinkamveka Chitonga kuchokera kutsidya kwa msewu.

“Ada, mwabwera wapansi lero? Chozizwitsa chanu chija mwachisiya kuti?” adaseka Douglas. “Galimoto imene ija itilanda ntchito, ndikukuuzani. Dzulo malita eyiti okha! Chikhala kuti onse agula zotere, ine ndibwerera kukagwira usipa.”

“Sydney adabwerako pakati pa sabata?”

“Pakati pa sabata ayi. Lamulungu madzulo, eya. Wapansi ngati inuyo, ndi chigubu. Malita teni. Akuti a makina anu otchetchera kapinga.”

“Makina anga.”

“Eetu. Ndidamuseka kuti amalume ako akutchetcha chiyani mu Ogasiti, fumbi? Sadaseke. Manja ake, ada, ankachita chonchi.” Douglas adagwedeza dzanja ngati tsamba. “Ndidati mwina malungo a kumudzi amutsatira.”

Makina otchetcherawo adali atakhala m'shedi chiyambire Meyi, ndipo kiyi wake adali m'thumba la a Alufandika. Adatsanzika bwinobwino, kuyenda mpaka pakona, n'kutsamira mtengo.

Atafika kunyumba adapita molunjika kuseri kwa garaja, komwe adali ndi kabedi kawo ka mpiru. Kuyambira Lachiwiri mzere wa m'mphepete udali utafota, ndipo iwo ankanamizira chisanu. Adagwada, kutapa dothi n'kulinunkhiza. Petulo.

Apa zonse zidalumikizana, ndipo adalakalaka zikadapanda kutero. Wina adaitenga galimoto Lamulungu, bwana ali kwa mwana wake wamkazi, iwo ali ku tchalitchi. Adayenda nayo makilomita 90. Pofuna kubisa, adawerengera mafuta monga amawerengera munthu amene adakulira pa malole akale, n'kuganiza kuti ulendo wotere wadya malita khumi. Koma galimoto iyi idali itangonyambita theka lake. Thanki idadzadza msanga, otsalawo n'kusefukira pa mpiru. Wobisayo adabweza mafuta ochuluka kuposa amene adaba, ndipo kope lidamugwira chifukwa cha kuwolowa manja kwakeko.

Tsiku limenelo sadadye. Mphepo inkagwedeza lata la shedi, ndipo nthawi iliyonse likalira ankacheuka ngati wina wawaitana dzina.

* * *

Lamulungu mmawa adampeza Sydney akutsuka galimoto, kachitatu sabata imeneyo. A Alufandika adayendetsa chikhatho pa chitsulo cha kutsogolo, kumanzere. Maso sakadaona kanthu, koma dzanja lidamva timabampu ta nyundo pansi pa utoto watsopano.

“Lamulungu lapita udali kuti, Sydney?”

“Ndidagona, amalume. Chimfine. Ndidakuuzani kale.”

“Makilomita 90 udawayenda uli m'tulo?”

Adatsegula kope n'kuliika pa galimoto, pambali pake n'kuikapo dothi lija. Sydney adayang'ana zinthu ziwirizo nthawi yaitali. Paipi idamugwa m'manja, madzi n'kumangothamangira ku geti.

“Eish, amalume,” adanong'ona. “Ndimangofuna Mavis, chibwenzi changa cha ku Ramaphosa, aione. Basi. Amandiseka kuti ndine dalaivala wa m'maloto, ndiye ndidati ndikamudzidzimutse pakhomo pake. Fumbi lidali tho, sindinkaona ngakhale apa. Ndinkayenda slow, ndikulumbira, mwana akadatha kundipitirira. Ndidaona lata kutsogolo, ndidati apatuka, aliyense amapatuka. Mara munthuyo sadandimve. Ndidaiwala kuti chinthuchi sichimveka.”

“Hutala?”

“Ndidaopa kuti anthu atuluka aione galimoto ya bwana.”

A Alufandika adatseka maso. Munthu adafa chifukwa wina adaopa kuliza hutala.

“Ndidatsika, ndidaona magazi, mutu udangoti balala. Ndidathawira ku Duduza kwa mnzanga wowongola magalimoto. Amalume, chiyambire tsiku lija ndikangoti ndiyendetse, injini ikazima, ndimamva lata likugwa. Munthu uja ndimamuona pa galasi atakhala pomwe mumakhala inupo.” Adagwada m'madzi muja n'kuwagwira miyendo. “Ng'ambani tsambalo. Bwana saona. Amayi kumudzi akudya za ine, mukudziwa. Mudawalonjeza kuti mundisunga.”

Zidali zoona. Adalonjeza pa siteshoni ya basi ku Balaka, mlongo wawo atawagwira dzanja ndi manja onse awiri. Tsambalo lidali lopyapyala, ndipo kuling'amba kudali kosavuta kuposa kuthyola mpiru. Adamukonda mwana ameneyu kuyambira tsiku lomwe adabadwa, ndipo ankamukondabe pomwe adagwada paja.

“Lero thuu koloko akukamuwotcha Zaituni,” adatero. “Sathawa, ali pa eda. Iwe udapha mmodzi mosafuna. Uyu wachiwiri tikhala tamupha tonse awiri, tikudziwa. Dzuka, kavale malaya ouma. Ndikukauza bwana.”

* * *

Adafika ku Ramaphosa itangopitirira thuu koloko. Sydney ankayendetsa. Pambali pake padali Bwana Odendaal, amene adali atamva kale nkhani yonse, kope lofiira lili pamiyendo. Kumbuyo kudali a Alufandika ndi Sajeni Mthethwa, wapolisi amene adakamutenga panjira, chifukwa a Alufandika sadafune kupulumutsa munthu mmodzi ku moto n'kuponyamo wina.

Anthu adali atadzaza kanjira kaja, onse atayang'ana chitseko cha mtanda wa phula. Mokoena ankawerenga chigamulo mokweza. Mnyamata wina adali atatsegula kale chigubu cha petulo.

“Pang'onopang'ono,” adatero a Alufandika. “Monga tsiku lija.”

Injini idazima. Galimoto idalowa m'kanjiramo, miyala ikuphwanyika pansi pake. Idafika mapazi makumi awiri kuchokera pa gululo, kenako khumi, kenako asanu. Panali anthu oposa zana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adacheuka. Mayi wina wobereka mwana adali pafupi moti akadangobwerera m'mbuyo kamodzi akadakhalira galimotoyo.

Amene adakuwa ndi a Wallace, ali pakhonde lawo.

“Ndi chimenecho! Chabweranso! Chili kumbuyo kwanu!”

Gulu lidatembenuka n'kumwazikana ndi mfuu. Ena adagwerana, chigubu chidagubuduzika. Mokoena adatsala yekha pakati pa njira, pepala lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Sajeni adatsika n'kuima pa chitseko cha woyendetsa. A Alufandika adatsikanso.

“Mudati ndikubweretsereni galimoto yopanda mawu,” adatero. “Nayi. Ilibe mankhwala, ili ndi batire. Amene ankayendetsa ndi uyu, mwana wa mlongo wanga. Wabwera yekha.”

Sydney adatsika, n'kunena zonse pamaso pa anthu, mawu akuduka. Ena adayamba kutola miyala, koma Sajeni adamumanga unyolo msanga n'kumuimika kumbuyo kwake, ndipo Mokoena, amene manyazi adali atamugwira, adakweza dzanja kuti anthu abwerere. Sadagwade monga adalonjezera. Adangotenga chiguduli n'kuyamba kupukuta phula pa chitseko, osayang'ana munthu.

Chitsekocho chidatseguka pang'ono, malo okwana diso limodzi.

“Ndifuna ndimufunse,” adatero Zaituni. “Mwamuna wanga adanenapo kanthu?”

Sydney adaweramitsa mutu. “Adanong'ona kuti, ‘Sindidakumve, mwana wanga. Pepa.’”

Chitseko chidatsekeka, ndipo kulira komwe kudamveka mkatimo kudali kwa munthu amene sabata yonse sadaloledwe kulira.

Galimoto ya apolisi itabwera, Sydney adakwera osacheuka. A Alufandika adaima pomwe padagwera Hamidu, akuganiza za kalata yomwe ankayenera kulembera mlongo wawo, ndipo sankadziwa ngakhale mawu oyambira. Panalibe wina wodziwa kuyendetsa galimoto ya bwana, choncho idangokhala pakati pa njira, ana ataizungulira chapatali.

Mwadzidzidzi, popanda munthu woikhudza, injini idadzilizira yokha kuti idzaze batire. Phokoso lake lidamveka kanjira konse, lomveka bwino, loti munthu wosenza lata akadalimva ali patali n'kupatuka.

“Imeneyo ndiye ndaimva,” adatero a Wallace.

A Alufandika adavula magalasi awo n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Phokoso lija lidachedwa ndi sabata imodzi.